Chibaga cha Tsiku Losudzula

Fungo la anyezi akamapsa m'mafuta a nyama likandipeza, kaya ndili pamsika wa ku Neno boma kaya ndikudutsa pa chiwaya cha anyamata ku Lisungwi, ndimayamba ndaima. Ndimaona agogo anga aamuna, a Filimoni, atawerama kuseri kwa nyumba yathu ku Nsambe, utsi wa nkhuni za msuku ukuwalowa m'maso, apuloni yawo yothimbirira atayimanga pamwamba pa juzi chifukwa cha kamphepo kozizira kotsika m'mapiri, nkhuku zikuzungulira miyendo yawo kudikira kuti kanthu kagwe.

Agogo anali mkamwini. Kwawo kunali ku Chifunga, kumunsi kotentha, koma anakwatira ku Nsambe, ndipo monga mwa mwambo wathu anamanga nyumba kwawo kwa akazi awo, agogo aNangondo. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yaukhukhi mu hotela ina ku Halale. Anabwerako ndi mipeni iwiri, apuloni ija, ndi chizolowezi chosamba m'manja mpaka m'zigongono. Kuseri kwa nyumba anamanga uvuni ndi dothi la pachulu, ndipo pamunda wa akazi awo ankalima tirigu. Sanali munthu wolankhulalankhula. Kutchalitchi ankakhala kumbuyo, chipewa chili pamawondo.

Ine ndinakulira m'manja mwa awiriwa. Mayi anga anamwalira ndisanayambe sukulu, ndipo bambo anasudzulidwa. Kwathu mkazi akamwalira, pakapita miyezi abale ake amaitana mwamuna wamasiyeyo n'kumuuza pamaso pa anthu kuti ukwati watha, ndi womasuka kubwerera kwawo. Sapita yekha ngati wothawa. Eni mudzi amamuperekeza kukamusiya m'manja mwa abale ake. Ana ndiwo amatsala, chifukwa ndi a mbumba ya mayi wawo. Bambo anga ndinawaona komaliza akukwera chitunda, thumba lili paphewa, amuna a m'mudzi mwathu ali pambuyo pawo. Choncho mawu oti kusudzula ndinawadziwa ndisanadziwe kulemba dzina langa.

Agogo aakazi anali osiyana ndi amuna awo ngati mvula ndi dzuwa. Ankaseka mokweza, ankayankha munthu asanamalize kufunsa, ndipo ine ankanditchula kuti amuna anga. Masana ena tikusankha nyemba pakhonde, anawafunsa agogo aamuna kuti azungu a ku hotela ankakonda kudya chiyani. Agogo anafotokoza za baga: kabuledi kozungulira kodula pakati, mkati n'kuikamo nyama yogayagaya yokazinga, anyezi ndi matimati, aliyense kake pa mbale yake.

"Aliyense kake?" anatero agogo aakazi. "Popanda wopisa naye dzanja? Chakudya chaumbombo chimenecho. Inu mukadzafuna kundiphikira, mudzaphike chimodzi chachikulu ngati licherori, tidye tonse. Ndi achimwene omwe adzadye, amene amadya ngati akwiyira mbale aja."

"Tirigu akapsa," anatero agogo aamuna.

Tirigu anapsa chaka chimenecho, ndi chinacho, ndi chinanso. Nthawi zonse pankapezeka chifukwa: nyama kulibe, mvula yawononga uvuni, kwagwa maliro. Agogo aakazi ankangowakumbutsa moseka. Kenaka chaka china, tirigu ali m'mawondo asanatulutse ngala, anayamba kudandaula chifuwa. Tinawanyamula kupita nawo kuchipatala cha Nsambe, anabwerako, anadwalanso, ndipo m'nyengo yozizira tinawaika.

Achimwene amene ankawanenawo anali a Mateyu, mlongo wawo, mwini mbumba wathu. Anali munthu wamtali, woonda, wosavula jasi yakuda ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo ndi agogo a Filimoni ankapatsana moni wathunthu, kufunsana za ana ndi za kumunda, n'kuthera pomwepo. A Mateyu sankamvetsa kuti mwamuna wamkulu angamange bwanji nsalu m'chiuno n'kumakanda ufa, ndipo buledi wa alamu awowo anali asanamulawepo. Sindikunena kuti anali munthu woipa. Mbumba ankaisamala, milandu yathu ankaiyendera ngakhale kukugwa mvula. Kungoti zimene anazipeza makolo akuchita, ankafuna zichitike momwemo.

Titamaliza kupuntha tirigu wa chaka chimenecho, a Mateyu anabwera, nakhala pampando pansi pa mtengo wa mapeyala.

"Alamu, miyezi yapita. Loweruka likubwerali tikumane, timalize mwambo. Uthenga ku Chifunga ndatumiza kale."

"Ndamva, alamu," anatero agogo.

Sanadandaule, sanapemphe kalikonse. Anachapa zovala zawo, kuzipinda, n'kuziika m'thumba limene analiimika kuseri kwa chitseko. Ine thumbalo ndinkaliyang'ana ngati njoka. Lachisanu anapita kuchigayo ndi tirigu, ndipo madzulo anabwera atasenza ufa, m'manja muli nyama ya ng'ombe yokulunga m'masamba a nthochi, yambiri kuposa imene ndinali nditaionapo m'nyumba mwathu.

"Agogo, mukapita nditsala ndi yani?"

"Ndi amayi ako aang'ono, a Esinati. Mudzi uno ndi wako, mphwanga. Mlendo ndine."

"Ndipita nanu."

"Sangalole, ndipo sindingakube."

"Nanga nyamayi ndi yachiyani?"

Anayamba kunola mpeni pamwala. "Ndinawalonjeza agogo ako. Sindingatsike phirili ndisanachite."

Loweruka tinadzuka dzuwa likungotuluka. Agogo anasamba mpaka m'zigongono, ineyo kundisambitsanso chimodzimodzi, n'kupemphera mwachidule ataimirira. Ufa anaukanda m'beseni lalikulu lachitsulo, kuupinda, kuukankha ndi zidendene za manja, kuupindanso, mpaka unasalala ngati tsaya la khanda. Anaufunditsa chitenje cha agogo aakazi n'kuuika padzuwa.

"Usavundukule," anandiuza. "Ukausuzumira umachita manyazi, sutupa."

Nyama anayamba aidula timagawo ting'onoting'ono pachipika, mipeni yonse iwiri ikugwira ntchito. Makina ogayira nyama kwathu kunalibe, choncho anatulutsa mtondo wa agogo aakazi. Mtondowo unali ndi mng'alu womangidwa ndi waya, ndipo ukamasinjidwa unkalira mosiyana ndi mitondo yonse ya m'mudzi, ngati munthu wa chimfine. Chimwalirireni mwini wake unali usanalirepo. Agogo atangoponya munsi kangapo, amayi anayamba kutuluka m'nyumba zawo. A Esinati anafika akuthamanga, mwana ali kumbuyo, naima chapatali dzanja lili pakamwa.

"Abambo, ndimayesa amayi," anatero, misozi ikutsika. Kenaka atadzipukuta anati, "Bweretsani munsiwo. Mwamuna kusinja, anthu atiseka."

"Aseke, mwana wanga. Ndi lero lokha."

Anathiramo anyezi wodula, mazira, mchere, tsabola pang'ono ndi nyenyeswa za buledi wouma, ndipo ine ndinasakaniza ndi manja, nyama yozizira ikutulukira m'mipata ya zala. Apa n'kuti ana a m'mudzi atadzaza kuseri kwa nyumba. Agogo anagawa ntchito ngati mmene ankachitira ku hotela, ndikuganiza: uyu adule matimati, uyu kabichi mopyapyala, awa akwere mumtengo athyole mapeyala akupsa oti tipake m'malo mwa batala. Ufa utatupa mpaka kutukula chitenje, anaulowetsa mu uvuni ndi beseni lomwe, n'kutseka pakhomo ndi chilata.

Buledi uja atatuluka, ana anakuwa. Anali wofiirira, wotukumuka pamwamba ngati chulu, wamkulu kuposa lichero, ndipo agogo anachita kumukumbatira pomutulutsa m'beseni. Mwana wina anafunsa ngati ndi pilo wa mfumu. Wina anati amubisire mbale wake yemwe anapita kudambo ndi mbuzi, chifukwa akangomva sadzakhulupirira. Agogo anaseka, koyamba chichitikireni maliro, ndipo pomudula pakati ankayendetsa mpeni ngati wocheka matabwa, ife tikugwirizira m'mbali, nthunzi yonunkhira ikutiwomba kumaso. Kwa kanthawi ndinaiwala za thumba la kuseri kwa chitseko.

A Mateyu anafika dzuwa lisanafike pamutu, pamodzi ndi amuna ena a mbumba yathu ndi mwana wa mlongo wa agogo wochokera ku Chifunga, amene anabwera kudzamva mawu m'malo mwa abale. Anakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, pamalo poti ankaona zonse.

"Alamu, tsiku la lero mwaliyesa Khrisimasi?"

"Iyayi, alamu. Ndikulidziwa tsiku lake."

Nyama yonse ija agogo anaiumba chimodzi, chophwatalala, chokhuthala ngati chikhatho, pa chivundikiro cha mgolo chimene anachikwecha ndi mchenga mpaka kuwala. Anachiika pamafuwa, makala ali pansi. Mafuta anayamba kulira, fungo linadzaza mudzi, agalu anabwera kudzakhala mozungulira. Mbali yapansi itapsa, inafika nthawi yotembenuza. Nzeru yawo inali yoti avundikire ndi chivundikiro china pamwamba, agwire zonse ziwiri pamodzi ndi nsanza, n'kuzigudubuza kamodzi.

Koma chimwalirireni agogo aakazi, manja a agogo aamuna ankanjenjemera. Ananyamula, zitsulo zinapendekeka, mafuta anakhuthukira pamoto ndipo lawi linalumpha mpaka m'nsidze zawo. Anabwezera pamafuwa. Ine ndinathamangira kugwira mbali inayo, koma kutentha kunapyola nsanza ndipo ndinasiya ndikukuwa. Anayesanso okha, chidutswa cha m'mphepete chinabenthuka n'kugwera m'phulusa, galu n'kuchitola. Fungo linasintha, linayamba kukhala la chinthu chopserera. A Esinati anali atapita kumjigo. Amuna aja pansi pa mtengo ankangoyang'anana, chifukwa palibe akanaimirira mwini mbumba ali chikhalire.

Agogo anatsitsa manja. "Basi," anatero motsitsa mawu. "Chalephereka."

Sindinawaonepo atafooka choncho, ngakhale kumanda. Ndinayamba kulira.

"Nyama ikupserera iyo!" anakuwa a Mateyu.

"Ndikuona, alamu."

"Ndiye mukungoiyang'ana?"

"Sizitheka munthu mmodzi."

A Mateyu anang'ung'udza kanthu kena, naimirira. Anavula jasi ija, ine koyamba kuwaona opanda jasi, n'kuikulunga m'manja.

"Iwe choka apo, upsa. Ndigwire pati?"

"Apo ndi apo. Mufinye zolimba. Ndikati tiyeni, titembenuze."

"Kwa ine kapena kwa inu? Nenani bwino, ndisapse ndevu chifukwa cha zachibwana zanuzi."

"Kwa ine. Tiyeni!"

Zitsulo zinakwera, zinagudubuka m'mwamba, mafuta akudontha, n'kutera pamafuwa. Agogo atachotsa chivundikiro chapamwamba, nyama inali yathunthu, yoderako m'mphepete, ndi mng'alu umodzi pakati koma yosasweka. Ana anaomba m'manja. Mkono wa jasi ya a Mateyu unkafuka utsi.

Amuna awiriwo anatsala chiimire mu utsimo, akupuma mwabefu.

"Kodi n'chiyani chimenechi, chofuna kupha anthu?" anafunsa a Mateyu.

"Dzina lake ndi baga. Ku hotela timapanga tating'ono, aliyense kake. Alongo anu anakana. Anati ndidzaphike chimodzi chachikulu, tidye tonse," anatero agogo. "Anati ndi achimwene omwe. Ine ndinkangoti tirigu akapsa."

"Anatero?"

"Anatero, ine ndinalipo," ndinalowerera, ndisanaganize. "Anati inuyo mumadya ngati mwakwiyira mbale."

Amuna a pansi pa mtengo anazolika. Ndinadziwa kuti ndalankhula zosayenera mwana, ndipo ndinadikira khofi. A Mateyu anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka pakamwa pawo panagwedera, anatulutsa kaphokoso kosadziwika ngati n'kuseka kapena kulira.

"Ndi mawu ake amenewo," anatero. "Chiyambire tili ana." Anapukuta m'maso ndi jasi yopserera ija. "Nkhuni zanuzi n'zaziwisi, alamu."

Nyama itapsa mbali inayo, tinayala mapeyala pa buledi wapansi, kuikapo nyama, anyezi wokazinga, matimati ndi kabichi, n'kuvundikira ndi buledi wapamwamba. Tinachinyamula pathabwa kupita nacho pamphasa pansi pa mtengo. A Mateyu ankafuna mwambo uyambe, koma agogo anati chikazizira sichikoma, ndipo kwa nthawi yoyamba mawu a mkamwini anapambana. Atapemphera, anatembenuza mpeni wawo wautali n'kuupereka chogwirira chili kutsogolo, chifukwa kwathu nyama amagawa ndi mwini mbumba. A Mateyu anadula kuyambira pakati kupita m'mphepete monga anawalangizira, akuyang'ana nkhope iliyonse kuti pasapezeke wotsala, mpaka mwana wa kudambo uja anamusungira.

Anthu sanadziwe kadyedwe kake. Mkulu wina anachotsa buledi n'kumuika pambali kuti akamwere tiyi mawa, nyama n'kuigwira m'manja kudikira nsima. Mayi wina ankatola kabichi mmodzimmodzi, akudandaula kuti ndiwo zosaphika zimutsegula m'mimba. Agogo anawaonetsa: kugwira ndi manja awiri, kufinya, kuyasamula kwambiri n'kuluma zonse pamodzi. A Mateyu anachita momwemo, mapeyala n'kuwatsalira m'ndevu. Anatafuna pang'onopang'ono, tonse tikuwayang'ana.

"Mchere wachepa," anatero.

"Alongo anu ankateronso," anayankha agogo.

A Mateyu anamaliza gawo lawo lonse, mpaka kutola nyenyeswa pamawondo.

Titatha kudya, tinasamba m'manja. A Mateyu anakhosomola, nalankhula mawu amene ndinkawaopa.

"Alamu a Filimoni, mlongo wathu munamusunga bwino. Munamudwazika, munamuika m'manda mwaulemu. Ife tilibe nanu chifukwa. Lero pamaso pa anthu awa, takusudzulani."

Agogo anaomba m'manja mwaulemu. "Zikomo, alamu." Anadzuka pang'onopang'ono, navula apuloni, kuipinda, n'kuyamba kulowera kunyumba. Ine ndinawagwira juzi, ndipo sanandichotse dzanja, komanso sanaime.

"Mukupita kuti?" anafunsa a Mateyu.

"Kukatenga katundu."

"Akuperekezani ndani? Ine miyendo yalemera ndi chinthu chanu mwandidyetsachi. Jasi mwandiotchera, ndikaoneke chonchi kwa abale anu?" Anatembenukira kwa amuna aja. "Alipo wofuna kutsika phiri lero?"

Wina anayamba kutokosa m'mano, wina kuyang'ana mapeyala m'mwamba.

"Mwaona. Ndipo mwambo sulola kuti mupite nokha ngati wakuba. Tidzakuperekezani tsiku lina. Tsikulo ndidzanena ndine."

"Ndiye ine ndibwerere ndekha?" anafunsa mlendo wa ku Chifunga uja.

"Bwererani, bambo. Mukawauze kuti mwambo watha bwino, munthu wawo tikubwera naye."

Agogo anaima pakati pa bwalo, apuloni ili m'manja. Sanathokoze, chifukwa panalibe chimene chinanenedwa choti athokozere. Anangoika dzanja pamutu panga. Kenaka anati, "Tiye tikakweche zitsulo zija, mafuta asanagwire."

Thumba lija linakhala kuseri kwa chitseko nthawi yaitali lisanamasulidwe. Agogo anali munthu wosafuna kukhala pamalo mwachinyengo, choncho chaka chilichonse tikapuntha tirigu ankavala chipewa n'kupita kwa a Mateyu, buledi ali m'manja.

"Alamu, za tsiku lija?"

"Jasi sindinasoketse," ankayankha a Mateyu, akulandira bulediyo.

Sindinganene kuti anasanduka mabwenzi. Moni wawo unakhalabe womwe uja, wathunthu ndi waufupi. Mpaka lero sindidziwa ngati a Mateyu anachitira chifundo agogo, kapena ine, kapena anangomvera mlongo wawo komaliza. Mulungu ndiye adziwa za m'mitima. Chimene ndidziwa n'choti agogo anandilera mpaka ndinamera ndevu, anaona ukwati wanga, ndipo anagona ku Nsambe pafupi ndi akazi awo. A Mateyu anaima pamandapo atavala jasi yopserera mkono.

Tsopano nanenso ndine wamasiye. Mawu aja ndawamva akunenedwa kwa ine, pansi pa mtengo wina, kuno ku Midzemba kwawo kwa malemu mayi a kunyumba kwanga, ndipo ndinaomba m'manja monga anachitira agogo. Abale awo anati ndikhale ndilere zidzukulu, ndipo ndikukhala. Mipeni iwiri ija ili ndi ine, yatha ndi kunola. Abale akanditumizira tirigu kuchokera ku Nsambe, ndimaitana ana, timasamba mpaka m'zigongono, n'kukanda ufa m'beseni. Mdzukulu wanga wamkulu amandionetsa pa foni mabaga a m'tauni, tating'ono tokongola, aliyense kake, n'kundiuza kuti ndikanaumba nyamayo tizidutswa ndikanatha kutembenuza ndekha ndi chipande, osavutitsa anthu. Akunena zoona. Koma ine ndimaumba chimodzi, ndipo mbali yapansi ikayamba kununkhira, ndimatuma mwana kuti athamange akaitane alamu.